Nsomba Zimene Kaphokoso Anasiya

Pa nyumba za lendi pamene ndimakhala, zitseko zinandandalikana mzere umodzi ndipo mpopi ndi umodzi, choncho palibe amene angabise moyo wake nthawi yaitali. Chitseko chotsatana ndi changa ndi cha Anti. Tonse timawaitana choncho, ngakhale amene ali aakulu kuposa iwo, chifukwa ndi mmene ankawaitanira m'nyumba zonse zimene anagwiramo ntchito.

Anti anali wolera ana. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana ndipo imvi zinawapeza ali pa ntchito yomweyo. Anakwatiwapo kamodzi ndi dalaivala wa lole, koma mimba zawo zinkangopita padera, mpaka tsiku lina bamboyo anapita pa ulendo, lole inabwera, mwini wake osabwera. Nkhaniyi ankaikamba akuseka, koma sankaikamba kawiri kwa munthu mmodzi.

Nyumba yomaliza imene anagwiramo inali ya Bwana wina, dokotala wa mano, ndi Madamu ake a ku banki. Mwana wamkazi wa m'nyumbamo Anti anamulandira ali wakhanda, mchombo usanagwe n'komwe. Ankalira kwambiri moti Anti anamutcha Kaphokoso, ndipo atasiya kulira anayamba kuyankhula, osapuma, choncho dzinalo linamukhala. Masiku a ntchito Anti ankagona konko. Kuno ankabwera Loweruka, kudzasesa chipinda chawo ndi kupukuta kabati yawo ya magalasi, yodzaza mbale ndi makapu amaluwa amene sanamwerepo tiyi. Akatha apo ankakhala pakhonde n'kumandiuza za mwanayo.

"Aneba, dzulo wandifunsa kuti kodi mwezi umagona kuti masana. Ndati sindikudziwa. Akuti, ndiye Anti mumadziwa chiyani?"

Kaphokoso atayamba sukulu, Bwana anapeza ntchito kunja, dziko lakutali, ndipo banja lonse linayenera kusamuka. Mipando anagulitsa, galu anapereka kwa achibale. Chimene chinavuta ndi nsomba ziwiri za mwanayo, zimene anamugulira pa tsiku lake lobadwa. Zinali nsomba zagolide, zamtundu uja wonenepa, wa mimba yobulungira ndi mchira wogawanika ngati siketi. Ina inali yakuda, maso ake otuluka panja, yoyenda mofufuza njira. Kaphokoso anaitcha Agogo. Inzake inali yoyera, pamutu pake pali chotupa chofiira, ndipo anaitcha Duku. Mwanayo anakana kuti munthu wina aliyense azitenge.

Ndinawaona Anti akutsika m'galimoto ya Bwana atakumbatira kamphika kagalasi kobulungira, madzi akukhavukira pa diresi. Kaphokoso ankawatsatira pambuyo akulamula.

"Anti, musazipatse chakudya chambiri. Agogo saona bwino, muzimuponyera pamphuno penipeni. Ndiziimba tsiku lililonse kuti ndiziziona. Mwamva, Anti?"

"Ndamva, bwana wanga."

"Lumbirani."

Anti analumbira. Galimoto itanyamuka anaima pa geti mpaka fumbi linatha, kenako analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo sindinamve fungo la mafuta kapena kulira kwa poto kuchokera kwawo.

Sipanapite nthawi, anagogoda kwanga m'mawa ndisanapite ku ntchito.

"Aneba, tadzaonani. Kodi nsomba zimapuma chonchi?"

Madzi a m'kamphikamo anali atachita mbuu. Nsomba zonse ziwiri zinali pamwamba, zikuyasama ngati zikupempha chinthu. Ku nyumba ya Bwana, wa m'dimba ndiye ankasintha madzi, ndipo Anti sanafunsepo chifukwa chake. Ine ndimagwira ntchito ku bekale; za nsomba ndimadziwa kukazinga basi. Koma ndinali nditaonapo kasitolo kena kuseri kwa msika, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa zakudya za nkhuku. Tinasintha madzi theka, n'kupangana kuti ndikaweruka tipite.

Mwini kasitoloko ndi bambo wadazi, wa manja onyowa nthawi zonse, amene anthu a pamsika amawatcha a Zipsepse. M'katimo munali mdima pang'ono, kukumveka thovu lokha. Anti anafotokoza vuto lawo ngati akufotokozera dokotala za mwana wotentha thupi.

"Mwaziika m'chiyani, mayi?"

"M'kamphika kake kagalasi, kamene zinabweramo."

"Ndiye kuti zikugona m'chimbudzi. Pepani mawuwo. Nsomba zimenezi zimadya ngati nkhumba, ndipo zimene zadya zimatulukira m'madzi momwemo. Kamphika kamagwira ntchito zikadali tiana. Zikafika apa zimafuna thanki."

Anti anali atakonzeka. Anatulutsa m'chikwama kachingwe kamene anayezera pakona pa chipinda chawo, pakati pa bedi ndi kabati, malo okhawo amene anali opanda kanthu. Anazungulira m'sitolomo akuyeza, mpaka anafika pa thanki ina yoimirira, yopapatiza, yokhala ndi getsi labuluu pamwamba. Inakwana ndendende.

"Iyi," anatero. "Mwana akaiona pa foni adzakondwa."

A Zipsepse anapukusa mutu. "Iyo ndi yokongola kwa inu ndi kwa mwanayo, osati kwa nsomba. Mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwambapa. Pamwamba pakachepa, mpweyanso uchepa. Komanso nsomba zanuzo si zokwera m'mitengo. Zimayenda cham'mbali, pang'onopang'ono, ngati mayi wosenza ndowa. Zimafuna bwalo, osati chitsime."

Anatilozera thanki ina pansi, yogona, yaitali ngati theka la bedi. Inali yopanda chokongoletsa chilichonse. Anti anaika kachingwe kawo m'mbali mwake ndipo kanathera pakati.

"Iyi kwanga siingalowe, bambo."

"Ndiye mundipatse nsombazo ndikupezereni wozitenga. Si zochititsa manyazi. Ambiri amatero."

"Ndinalumbira," anatero Anti, osawayang'ana.

Bamboyo sanafunse kuti analumbira kwa ndani. Anayamba kutiuza zina zofunika, ndipo chilichonse chimene Anti ankakhudza iwo ankakana. Anti ananyamula kanyumba kapulasitiki ka nsonga ngati ka mfumukazi. Iwo anati yakuda ija maso ake ali panja ndipo siona bwino, ikagunda pa nsonga diso liphulika. Anti anagwira thumba la timiyala tamitundumitundu. Iwo anati nsombazi zimatola chilichonse cha pansi, kamwala kakakhala kakang'ono zimatsamwa nako, bola mchenga wosalala kapena miyala ikuluikulu yoti siingalowe m'kamwa. Pampu anati ikhale yosefa bwino koma yosakankha madzi mwamphamvu, chifukwa michira ija ndi yolemera, madzi akathamanga nsomba zimangotopa. Ine ndinaona tinsomba tina tagolide toonda, tothamanga, ndiye ndinati bwanji tiwonjezere tiwiri kuti mukhale chimwemwe.

"Ayi, asisi. Zimenezo zikalowa, zanuzo zigona ndi njala. Chakudya chisanafike pansi chatha kale. Simuika mwana wokwawa mbale imodzi ndi anyamata ochokera ku mpira."

Anti anaseka koyamba chichokere mwana uja. "Apo ndiye ndamva."

"Ndikuona kuti mukumva msanga. Muli ndi ana, mayi?"

"Ndabereka ambiri, bambo," anayankha Anti. "Koma kumsana kokha."

A Zipsepse anapukuta manja pa malaya, ngakhale sizinathandize kanthu. Kenako anatsegula sefa ya thanki yawo ina, anachotsamo siponji yakale yabulauni, n'kuiika m'kajumbo ndi madzi pang'ono.

"Musaichape ndi sopo ngakhale ikuoneka yauve. Muli tizilombo tabwino timene timadya zoipa za m'madzi. Thanki yatsopano imakhala yosakhwima; siponji iyi iikhwimitsa msanga. Madzi a pampopi muziyamba mwadonthezeramo mankhwala awa. Ndipo pawindo ayi, dzuwa lidzabiriwitsa madzi. Chomaliza, madzi ndi olemera. Tebulo wamba lithyoka."

Tinabwerera kunyumba. Titafika anaima pakati pa chipinda chawo n'kumayang'ana khoma lililonse, kufunira malo thanki yogona ija. Khoma la bedi silikanatheka, la windo linali loletsedwa, la chitseko n'lalifupi. Linatsala la kabati.

M'mawa mwake anaitana kalipentala wa kumapeto kwa msewu wathu. Mbale ndi makapu aja anatigawira ife aneba, aliyense ziwiri zitatu. Kalipentalayo anayang'ana kabatiyo, anaisisita, n'kunena kuti, "Amayi, mtengo uwu masiku ano simungaupeze. Mwatsimikiza?" Anti anati adule. Anachotsa mbali yonse ya pamwamba, ya magalasi ija, ndipo ya pansi anailimbitsa ndi matabwa okhuthala. Pamene sowo inayamba kulira, Anti anatenga ndowa n'kupita ku mpopi, ngakhale madzi anali nawo.

Thanki ija itagulidwa n'kudzazidwa ndipo pampu itayamba kuimba, tinasamutsa nsomba. Poyamba zinangokhala pansi pakona, zitaunjikana. Kenako Duku anatambasula mchira n'kuyenda kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ulendo umene sanayendepo chibadwire. Agogo anatsatira, akugunda mphuno mu mchenga.

Lamlungu lotsatira foni inalira, ya vidiyo. Kukuwa kwa Kaphokoso kunamveka mpaka kwanga.

"Anti! Mwazigulira nyumba! Mami, bwerani muone, Agogo ali ndi nyumba! Anti, yandikizani. Ayi, mukuonetsa chala chanu. Anti, inu!"

Anayankhula mpaka foni inatentha. Anti anatuluka nkhope ikuwala, n'kundiuza zonse zimene ndinali nditamva kale kudzera pakhoma.

Miyezi yoyamba foni inkalira Lamlungu lililonse. Anti anapeza maganyu ochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, koma Lamlungu sankapita kulikonse. Loweruka linali la thanki: ankapopa madzi ena ndi kapaipi kupita m'ndowa, kutsuka siponji m'madzi akale omwewo, kupukuta galasi. Magetsi akazima masana pampu n'kuima, ankakoka mpando, kutunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Ankatero mpaka magetsi ayake, dzanja likatopa n'kusintha linalo. Ana a pamalopo anayamba kuwatcha Anti a Nsomba.

Kenako Lamlungu lina foni siinalire. Madamu analemba kuti mwana ali ku phwando la mnzake. Lina anati ali ndi mayeso, lina anati nthawi ya kumeneko ndi ya kuno zikusemphana. Foni inayamba kulira mwa apo ndi apo, ndipo ikalira, lilime la Kaphokoso linkamveka lolemera. Ankayamba chiganizo m'chinenero chathu n'kukachimalizira m'chakumeneko, Anti n'kumangoti "eya, eya" osamva. Tsiku lina ndinamva mawu a Madamu akunyengerera cha kumbali: "Tangobwera upereke moni, basi moni wokha." Kenako Madamu anabwerera pa foni n'kunena kuti mwana watopa.

"Akukula," Anti anandiuza madzulo ake, ine ndisanafunse. "Mwana akamakula amatanganidwa. Ndi bwino. Kusonyeza kuti wapeza anzake."

Zaka zinapita. Nsomba zinakula mpaka kufanana ndi chibakera cha munthu, ndipo a Zipsepse ankati akafuna kuchititsa manyazi makasitomala aulesi amawaonetsa chithunzi cha thanki ya Anti. Koma chaka china nyengo yozizira, Agogo anayamba kuyandama chagada, mimba kumwamba. A Zipsepse anati nsombayo asaipatse chakudya kaye, kenako aipatse nsawawa zobiriwira zophika, zosenda khungu. Anti ankaigwira ndi dzanja m'madzimo, kuitembenuza, n'kuiika kachidutswa pakamwa. Inachira. Patapita miyezi inadwalanso, ndipo ulendo uno sinadye. M'mawa wina anaipeza itagona pa mchenga, zipsepse zili duu.

Anaikulunga m'kansalu n'kuikwirira m'chitini cha maluwa cha pakhomo pawo. Ndinawauza kuti atumize uthenga kwa Kaphokoso.

"Ayi, aneba. Nkhani ngati iyi siya pa foni. Nsomba ndi yake. Ndidzamuuza ndekha, ndikumuona nkhope."

Mwayiwo unabwera chaka chotsatira. Madamu anaimba kuti abwera kudzaona achibale ndipo adzadutsa. Anti anachapa makatani, anapaka polishi pansi, anapukuta galasi la thanki mpaka linkaoneka ngati palibe. Anayenda khomo ndi khomo kubwereka makapu amaluwa aja kwa ife amene anatipatsa. Anandipempha kuti ndidzakhalepo ndiwathandize kuthira tiyi.

Anafika masana. Madamu anatsika koyamba, atanenepa pang'ono, akununkhira bwino, ndipo anawakumbatira Anti ndi mtima wonse. Pambuyo pawo panatsika mtsikana wamtali kuposa mayi ake, waya m'mano, zomvera nyimbo zili m'khosi. Anti anatambasula manja onse awiri. Mtsikanayo anamwetulira mwaulemu n'kupereka dzanja limodzi.

"Muli bwanji, Anti," anatero, mawu aliwonse payekha, ngati anawaloweza m'galimoto.

"Ndili bwino, Kaphokoso wanga. Wakula! Mayo ine, wakula!"

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake. Madamu anaseka n'kumumasulira, kenako anati, "Dzina limenelo analiiwala, Anti. Masiku ano ndi wofatsa, mawu timachita kugula."

Analowa. Mtsikanayo anakhala m'mphepete mwa bedi, kapu ili m'manja osamwa. Sanali wamwano ngakhale pang'ono. Ankangooneka ngati munthu amene walowa m'nyumba ya mlendo ndipo akusamala kuti asalakwitse. Maso ake anapeza thanki. Anadzuka, anawerama, anamwetulira, n'kutulutsa foni kujambula Duku. Ananena kanthu kwa mayi ake.

"Akuti ndi yokongola kwambiri," anatero Madamu. "Akufunsa ngati ili ndi dzina."

Anti anaika tiyipoti pansi, anapukuta manja pa epuloni, n'kuyandikira mtsikanayo. Mawu amene anawasunga chaka chonse anatuluka monga anawakonzera.

"Mwana wanga, pepa. Agogo anatisiya. Chaka chatha. Anayamba kudwala nthawi yozizira. Ndinayesetsa, ndinkawadyetsa ndi dzanja langali, koma zinakanika. Sanavutike nthawi yaitali. Ndinafuna ndikuuze ndekha."

Madamu anagwira pachifuwa. "Ayi, Anti! Ndiye osatiuza bwanji? Ife sitinadziwe n'komwe kuti munali ndi agogo amoyo. Pepani kwambiri. Anali a kuchimuna kapena a kuchikazi?" Anatembenukira mwana wawo n'kumufotokozera mofulumira. Nkhope ya mtsikanayo inagwa. Anagwira Anti pamkono mwachifundo chenicheni, n'kufufuza mawu mpaka anawapeza.

"Pepani, Anti."

Ine ndinafuna kuyankhula, koma Anti anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinakhala chete.

"Zikomo," anatero Anti. "Anali okalamba."

Sanakhalitse, chifukwa achibale ena ankawadikira. Anasiya jumbo la mphatso, juzi yofunda ndi mafuta odzola. Ali pa geti, Madamu anawakokera Anti pambali n'kuwauza kuti mng'ono wawo wangobereka kumene ndipo akufuna munthu wodalirika. "Ndamuuza kuti palibe wina woposa inu. Malipiro musadandaule, chipinda chanuchanu chilipo. Taganizirani."

Anti anati aganiza. Galimoto itapita anabwerera m'chipinda, anatsuka makapu aja, n'kuyamba kubweza khomo ndi khomo. Atafika kwanga ndinawagwira dzanja.

"Bwanji simunawauze, Anti?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ayi, ndikulirira nsomba? Mwana wapepesa ndi mtima wake wonse. Ndikanamuchititsa manyazi pa chinthu chimene sanalakwe. Anali wamng'ono, aneba. Wamng'ono amaiwala. Ndi ife akuluakulu amene tilibe nzeru."

Ntchito ija anaikana. Mng'ono wa Madamu anabwera yekha ndi galimoto kudzawachonderera, koma Anti anati msana wawo watha. Mwezi womwewo analowa ntchito pa sitolo yochapa zovala ya m'tauni, kumene amaima tsiku lonse pa simbi, ntchito yopweteka msana kuposa kulera. Nditawafunsa anati malaya ukawasita n'kuwapereka kwa mwini wake, mtima sutsatira.

Duku alipo, yekha m'thanki yonse ija. A Zipsepse anayesa kuwapatsa ina yakuda, yaulere, akuti nsomba zimenezi sizikonda kukhala zokha. Anti anaiyang'ana nthawi yaitali m'kajumbo kake n'kuibweza. Loweruka amasinthabe madzi, ndipo magetsi akazima amakokabe mpando.

Chaka chino ine ndinabereka mwana wanga woyamba, wamkazi. Anti anandiphikira, anandichapira matewera, anandiphunzitsa kumusambitsa atandiimirira kumbuyo, manja ali m'chiuno, akungonena ndi pakamwa. Tsiku lina m'mawa mwana ankalira osatonthola, ine ndili ndi beseni la zochapa lofunika kuyanika mvula isanabwere. Anti anali pakhomo pawo akumanga nsapato.

"Anti, tandigwirireni mwanayu pang'ono ndiyanike."

Anadzuka, anabwera pafupi, anamuyang'ana mwanayo. Dzanja lawo linakwera lokha mpaka pafupi ndi tsaya lake, n'kuima.

"Akufuna kugeya," anatero. "Muikeni paphewa, mumusisite kuchokera pansi kupita m'mwamba. Ndipatseni besenilo."

Ananyamula beseni n'kupita ku chingwe. Ndinachita zimene anandiuza, mwana anageya n'kutonthola. Anti anayanika zovala zonse atatipatsa msana, kenako anatsamiritsa beseni pakhoma langa n'kunyamuka kupita ku ntchito.